Mlimi amene anasanduka chigawenga

Mufilimu ya Chingerezi, uja wopha anthu ndi kupereka anzake amatchedwa villain, ndipo zoipa zakezo amati villainy. Mawuwa sanena za mwana wopulupudza ayi, koma munthu wochita zoipa mwadala, monga Iago wa m'sewero la Shakespeare lotchedwa Othello. Komatu mwini dzinali poyamba anali mlimi chabe.

M'Chilatini, villa inali nyumba ya mwini minda kumudzi, ndipo wolima pamenepo ankamuti villanus. Mawuwa anadzera m'Chifalansa n'kufika ku England William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066. M'kaundula wa Domesday Book wa 1086, gulu la alimi amenewa ndi lomwe linali lalikulu kuposa ena onse. Ankalima munda wa mbuye wawo masiku angapo pa sabata, tirigu ankapera pamphero ya mbuye yemweyo, mwana wamkazi akamakwatiwa ankalipira, ndipo kusamuka popanda chilolezo kunali kuputa mlandu. Amene anamvako za thangata m'maesiteti akumwera kwa Malawi sangavutike kumvetsa moyo umenewu.

Nanga uchigawenga unalowa pati? Olemba ndakatulo ndi nthano ankadyera kwa olemera, ndipo kwa iwo munthu wa khasu anali wosasamba, wosadziwa ulemu. Ukamunena mnzako kuti alibe ulemu, mawa lake suvutika kumunena kuti ngwakuba. M'Chingerezi momwemo, knave, yemwe poyamba anali mnyamata wantchito, nayenso anasanduka tambwali, pomwe noble ndi gentle, mawu onena za obadwira m'mabanja apamwamba, anakhala mayina a khalidwe labwino. N'chifukwa chake ndimachita nthumanzi ndikamva wa m'tauni akunyoza mnzake kuti "ndiwe wakumudzi", ngati kuti mudzi ndi tchimo.

Chondiwawa kwambiri ndi cha mu 1381. Alimi a ku England ataukira motsogozedwa ndi Wat Tyler, mfumu Richard II, ali ndi zaka 14, anawalonjeza ufulu ku Mile End. Tyler atangophedwa, lonjezo lija linathetsedwa ndipo atsogoleri ena ananyongedwa. Wophwanya pangano anali mfumu, koma dzina loipa linamatirira onamizidwa aja.

Lero Angerezi anasiyanitsa kalembedwe: villein ndi mlimi uja wa m'mabuku a mbiri, villain ndi woipa wa mufilimu, kapena mbava yomwe apolisi a ku London akuisaka.