Mneni wokhala ndi ufa m'kati

Mneni wa Chilatini immolare, kupereka nsembe, watigwira mtima ife ophunzira zauphunzitsi. Kasinthidwe kake n'kosavuta, kofanana ndi ka amare: immolo, immolavi, immolatum. Chodabwitsa ndi muzu wake, mola, ufa. Aroma asanaphe nyama ya nsembe ankaiwaza pamutu mola salsa, ufa wosakaniza ndi mchere. M'kupita kwa nthawi, dzina la kuwazako linayamba kutanthauza kupha kwenikweniko.

Ambirife tinakula tikumva kuti ufa umene makolo ankathira patsinde pa mtengo popempha mvula unali wachikunja. Wa Aromawo unalinso wachikunja. Chonsecho Baibulo la Chilatini, pa 1 Akorinto 5:7, likugwiritsa ntchito mneni womwewu pokamba za imfa ya Khristu. Nanga mwana akadzatifunsa m'kalasi chifukwa chake Achewa timati "kuthira nsembe", tidzayambira pati?