Wogoletsa tonse timamuona, nanga womupatsa mpirayo?

Nyengo yogula osewera ikafika, nkhani m'maminibasi a ku Ndirande ndi ku Bangwe imakhala imodzi: Maule agula ndani kutsogolo, Manoma apeza ndani womwetsa zigoli. Sindinamvepo kondakitala akudandaula kuti timu yake ilibe munthu woganiza pakati pa bwalo. Komatu ine ndimakhulupirira kuti ligi imayamba kupambanidwa tsiku limene timu yapeza munthu ameneyu, wezulo yoyamba isanalire n'komwe.

Ndikunena wosewera wapakati amene mpira wonse umadzera mwa iye. Ena amati nambala 10, ena nambala 8, koma nambalayo si nkhani. Ndi uja amatembenuza khosi mpira usanamufike, n'kudziwiratu komwe aupititse. Amadziwa nthawi yothamangitsa masewero ndi nthawi yowaziziritsa anzake akatopa. Iyeyu akasowa, otchinga kumbuyo amangomenya mpira m'mwamba, akutsogolo n'kumathamangira mphepo mpaka mphindi 90 zithe.

Ku America anazindikira kalekale kufunika kwa munthu wotere. M'masewero awo aja a mpira wonga dzira, matimu a m'mayunivesite amadzaza mabwalo akuluakulu, monga la Michigan lomwe limalowa anthu oposa 100,000. Wosewera amene amaponya mpira ndi kulamula anzake amatchedwa quarterback, ndipo makochi amayamba kumulondola akadali ku sekondale. Amaonera mavidiyo a masewero ake, amapita kukacheza ndi makolo ake kunyumba, amalimbirana mwana mmodziyo kwa zaka. Amadziwa kuti othamanga ndi amphamvu ngosavuta kupeza, koma woona bwalo lonse nthawi imodzi ngosowa.

Ifenso takhalapo nawo anthu oterewa. Ernest Mtawali anasewera pakati ku Bloemfontein Celtic ndi Mamelodi Sundowns, mpaka kukafika ku Toulouse m'dziko la France. Joseph Kamwendo, munthu wochepa thupi, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, kenako anavala yunifolomu ya Orlando Pirates ndi TP Mazembe. Koma tikamakumbukira mpira wathu timathamangira zigoli. Aliyense akhoza kukufotokozerani chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco mu January 2022. Mufunseni yemwe ankayendetsa mpira pakati usiku umenewo, ayamba kukanda mutu.

Taonani zimene Bullets inachita. Kuyambira 2018 mpaka 2023 inatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023, pansi pa Kalisto Pasuwa, inasesa zikho zinayi m'chaka chimodzi. Anthu amati ndi ndalama, ndipo ndalamazo zinalipodi. Koma ine ndimayang'ana timu yawo yachisodzera ya Reserve, komwe kunadutsa anyamata ngati Chimwemwe Idana ndi Patrick Mwaungulu. Pomafika ku timu yaikulu, anali atadziwa kale kaseweredwe ka Maule. Wogoletsa mukhoza kumugula Lachisanu, Lamlungu n'kukumwetserani chigoli. Woyendetsa timu sagulidwa choncho, pakuti amafunika nthawi kuti adziwe mnzake uyu amafuna mpira kuphazi, uyo amaufuna kutsogolo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa ndinakulira ku Ndirande ndipo ndaona momwe anyamatawa amatayikira. Kwathu kunali mnyamata wina, msuweni wanga, amene pa mpira wachikulunga aliyense ankafuna akhale mbali yake. Sankadyetsa anthu njomba, sankathamanga kwambiri. Ankangoima pamalo pomwe palibe munthu, n'kupereka mpira umodzi wodula anthu anayi. Ali ndi zaka 16 anapita kukayesedwa ku timu ina ya mumzinda muno, ndipo ine ndinamuperekeza. Anyamata anali ochuluka moti aliyense anapatsidwa mphindi zochepa chabe. Pa mphindi zotere aliyense amafuna kudzionetsa, ndiye palibe amene amapatsira mnzake mpira. Msuweni wanga anaukhudza mwina kanayi.

Nditafunsa mmodzi wa akuluakulu oyesawo, anandiyankha mwaulemu ndithu: "Achimwene, mwanayu mutu ali nawo, koma thupi n'lochepa. Akadye kaye nsima." Anatenga ataliatali ndi othamanga. Lero msuweni wanga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Ndirande ndi m'tauni, ndipo mpira amangouonera pa vidiyo sho.

Sindikunena kuti akanakhala Kamwendo wachiwiri. Ndikunena kuti njira yathu yosankhira siyingamuone wosewera wamtundu wake. Liwiro limaoneka pa mphindi imodzi, msinkhu umaoneka munthu asanavale n'komwe nsapato. Nzeru za mpira zimaoneka ukamuonera mwana masewero khumi, timu yake ikupambana komanso ikugonja, kukugwa mvula komanso kuli fumbi. Barcelona inatenga Andrés Iniesta ali ndi zaka 12 mu 1996, kamwana kowonda, n'kukadikira zaka zambiri. Pamzere wa mphindi zochepa uja, nayenso akanauzidwa za nsima.

Wina anena kuti matimu athu alibe ndalama zotumira anthu ofufuza osewera. Koma kuchoka pa Kamuzu Stadium kupita ku Zingwangwa, Chilomoni kapena Machinjiri ndi mtengo wa minibasi basi. Aphunzitsi a masewero m'sukulu za pulayimale ndi makochi a timatimu ta m'makwalala amawadziwa kale ana onse aluso, ndipo ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Chikusowa ndi munthu wa ku timu yaikulu wokhala nawo pansi, kulemba maina m'kope, n'kubweranso mwezi wamawa. Bangwe All Stars italowa mu Super League mu 2023 inaonetsa kuti dzina la tauni yathu likhoza kumveka pabwalo lalikulu. Luso lilipo, maso ndiwo akuchepa.

Wina anenanso kuti ukamulera mwana, akangodziwika amatengedwa ndi matimu akunja. Zoona, koma wopita ndi kontirakiti amasiya ndalama, ndipo timu yodziwa kulera imakhala ili kale ndi wina amene akukula m'mbuyo mwake. Yotaya zonse ndi timu imene chaka chilichonse imagula ogoletsa atatu, kenako n'kuchotsa kochi chifukwa ogoletsawo sakulandira mpira.

Ifenso masapota tili ndi mbali yathu, poti akuluakulu a matimu amagula zimene ife timaimbira m'manja. Mukadzapita ku Kamuzu Stadium ulendo wotsatira, tayesani kusiya kutsatira mpira kwa mphindi khumi, muyang'ane munthu mmodzi wapakati. Muwerenge kuti watembenuza khosi kangati mpira usanamufike. Akapereka mpira wabwino, wakutsogolo n'kuuphonya, muimbireni m'manja iyeyo.