Tili Tonse

Usiku umene tidayenera kukonzekera mayeso, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi adandiwonetsa maseŵera ena a ku Japan pa kompyuta yake. Dzina lake ndi Shin Onigashima. Kampani ya Nintendo idaŵatulutsa mu 1987 pa madisiki aŵiri a makina otchedwa Famicom Disk System, ife tisadabadwe n'komwe. Zithunzi zake zili ngati zojambula za mwana wa Sitandade 2. Iwe umangoŵerenga, kenaka n'kusankha chochita: kuyang'ana, kulankhula, kutenga kapena kupita. Mawu ake ndi a Chijapani, otsika kuchokera pamwamba, tsono tinkaloza foni pagalasi kuti ititanthauzire. Nthaŵi zina inkatiuza zamisala.

Nkhani yake ndi nthano zakwawo zolumikizidwa. Nkhalamba ziŵiri zopanda mwana zidatola mtsikana, Hikari, m'nsungwi, ndi mnyamata, Donbe, m'mbale yoyandama pamtsinje. Za nsungwizo n'zochokera m'nthano ya Kaguya-hime. Zina adabwereka kwa Momotarō, amene adatuluka m'pichesi napita ndi galu, pusi ndi mbalame yonga nkhwali kukamenyana ndi ziŵanda zanyanga zotchedwa oni. Ziŵandazi zitalanda mizimu ya nkhalamba zija, anawo adauyamba ulendo wokaiwombola. Donbe ngwamphamvu koma wamutu wouma, Hikari ngwochenjera. Pena njira siitseguka mpaka usiye mmodzi n'kusanduka winayo.

Komatu chidandigwira mtima si nkhaniyo ayi. Ndi kudikira kwake. Ukapanda kuyankha, nthano imaima pomwepo, ngakhale mpaka mbandakucha, osakwiya. Ndidakumbukira agogo anga aakazi ku Ntcheu. Iwo akati "Padangotero," ankadikira "Tili tonse," ndipo tikayankha mwaulesi ankangoti chete n'kumasonkhezera moto kufikira titayankha bwino. Pa tchuthi china ndili Fomu 4, adayamba ya mtsikana amene adakana amuna onse a m'mudzi nakwatiwa ndi mlendo wokongola, osadziŵa kuti ndi fisi. Adzukulu aang'ono adali atagona. Ine maso adali pafoni. Adadikira, nadikiranso, kenaka adati, "Kagoneni, amuna anga. Tidzatsiriza." Adamwalira chaka chomwecho mvula isadagwe.

Tsono taonani, abale: masiku anayi athunthu ndidayankha makina a ku Japan mokhulupirika, osaphonya ndi kamodzi komwe, ine amene ndidalephera kunena mawu aŵiri okha pamoto. Ndidapita kulaibulale. M'buku lina ndidapezamo nthano yofanana nayo, m'mene mlongo wake wamng'ono ndiye adampulumutsa. Koma nyimbo yake adangoilemba mawu okha, maimbidwe mulibe, ndipo agogo sankasimba nthano yopanda nyimbo.

Ndidaimbira foni amayi. Adayamba ndi kuseka, nafunsa ngati zimenezi ndizo tikuphunzira kuno. Kenaka adati nyimboyo akuikumbukira theka, theka linalo mwina azakhali a ku Tsangano. Mayeso akutha Lachisanu. Loŵeruka ndikwera basi.