Kalata yochokera ku Durban

Okondedwa atsibweni,

Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikudya. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki amene amadutsa pa Cuchamano ndi pa Tete popita ku Chipata kudzera pa Cassacatiza, ndipo walonjeza kuti aisiya pa golosale ya pamsewu paja. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangofika pa "muli bwanji" netiweki n'kuthawa, pamene nkhani ndili nayoyi ikufuna muiwerenge mutakhala pansi, kenako muwawerengerenso mng'ono wanga ndi anzake.

Munafunsa kuti Durban ndi wotani. Ndi mzinda womangidwa mozungulira doko. Ukakwera pamtunda, maso amagwera pa makireni ndi milu ya makontena, ndipo usiku kunyanja kumaoneka nyali za sitima zimene zaima kudikira malo. Ku Cahora Bassa, kumene ndinkagwira pa maboti a kapenta, madzi ali ndi tsidya lake. Awa alibe. Kutentha nakonso n'kwina: kwa ku Tete kumawotcha n'kuumitsa, kwa kuno n'kwa chinyezi, thukuta siliuma ngakhale usiku.

Ndikukhala cha ku Point, chipinda chimodzi ndi mnyamata wa ku Mangochi ndi bambo wina wa ku Congo. Eni mzinda ndi Azulu, iwo amautcha eThekwini. Amwenye aliponso ochuluka zedi. Makolo awo anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo Amwenyewa ndiwo anayambitsa chakudya chimene chandigwira mtima, bunny chow: buledi amamuboola pakati n'kuthiramo nyemba kapena nyama ya tsabola wambiri. Loweruka ndimapita ku Warwick Junction, msika umene uli pakati pa masiteji a minibasi ndi siteshoni ya sitima. Kumeneko amayi amaphika mitu ya ng'ombe poyera, ena akuwiritsa chimanga m'migolo, ndipo pamlatho pali mzere wautali wa ogulitsa mizu ndi makungwa oti agogo akanawazindikira ambiri. Minibasi suiimitsa ndi mawu, umaiimitsa ndi zala, ndipo dera lililonse lili ndi chizindikiro chake. Apusi akuno saopa munthu, amalowera pawindo n'kutuluka ndi nthochi.

Sindikunamizani kuti zonse ndi zokoma. Mlendo kuno amayenda maso ali tcheru. Anzathu amene analipo mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa mumzinda uno, sanaiwale, ndipo ine m'minibasi sindiyankhula Chichewa mokweza. Komanso magetsi akazima maola awiri anthu amadandaula koopsa. Ine ndimangoseka chamumtima, podziwa kuti ena mwa magetsi a dziko lino amachokera kwathu ku Songo, kuyenda pa mawaya makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo kufupi ndi Pretoria, inu kumudziko mukuunikira tochi.

Tsopano za sukulu yanga ya ntchito za pansi pa madzi. Amayi akuganiza kuti ndikuphunzira kusambira. Ayi, kusambira ndi kumene timachita pang'ono kwambiri. Doko ngati lino zinthu zimamira tsiku ndi tsiku: anangula, mapaipi, zidutswa za konkire, nthawi zina galimoto. Mu April 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawo chino, makontena anakokoloka, padoko panadzaza zinyalala. Chinthu chikamira, pamafunika munthu woti atsike akachimange kuti chikwezedwe, ndipo ntchito imeneyo ndi imene akutiphunzitsa. Ziphaso amapereka ndi boma, m'magulu: Class IV ndi ya botolo la kumsana mpaka mamita 30, Class III ndi ya mpweya wochokera pamtunda kudzera m'paipi mpaka mamita 30 omwewo, Class II mpaka mamita 50. Ine ndili pa Class III. Usanalowe dokotala amakuyeza mapapo, mtima ndi makutu. Ndipo sulowa wekha ngakhale pang'ono: pamtunda pamakhala kapitawo amene ukulankhula naye pa waya wa m'chisoti, wina wogwira paipi yako, ndi wina atavaliratu kudikira kuti akakuvuule zikavuta.

Pansi pa doko sipaoneka kanthu. Ukangoponda, thope limafuka, dzanja lako lomwe osaliona. Tsono amatiyambitsira pamtunda, atatimanga nsalu m'maso, magolovesi ali m'manja, kuti timange mfundo ndi kupota bawuti ya shackle, kenako kuikulunga ndi waya kuti isamasuke. Chitsulo chilichonse chokolekera chili ndi nambala yodinda yosonyeza kulemera kumene chinganyamule, ndipo chopanda nambala sichigwiritsidwa ntchito. Tsiku lina aphunzitsi anapeza lamba wonyamulira wothethuka pang'ono m'mbali. Sanangomutaya, anamudula zidutswazidutswa ife tikuona, kuti wina asadzamutole n'kunena kuti akadali bwino. Mtima unandiwawa, pokumbukira mmene chingwe chimasowera kwathu, koma pano ndimawamvetsa.

Masamu ndiwo ambiri. Chinthu chikakhala m'madzi chimapepuka, koma osati mofanana: chitsulo cha makilogalamu 800 chimatsala pafupifupi 700, konkire wa makilogalamu 1,000 amatsala pafupifupi 600. Zingwe ziwiri zikatambasuka kwambiri kuchoka pa mbedza, chilichonse chimayamba kusenza katundu yense m'malo mwa theka, n'chifukwa chake chingwe chooneka chokwanira chimaduka. Ponyamula timagwiritsa ntchito kireni kapena zithumba zazikulu za mpweya, ndipo lita imodzi ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi.

Apa ndipo mumvetsetse, atsibweni. Mpweya umene wapopedwa m'chithumba pa mamita 10 umakhala wapanikizika. Chithumba chikamakwera mpweyawo umafufuma, pofika pamwamba umakhala wawirikiza kawiri. Wochokera pa mamita 20, katatu. Ndiye katundu akangoyamba kukwera, mphamvu yomukweza imawonjezeka yokha, liwiro n'kumakula. Aphunzitsi anationetsa dala, tonse titatuluka m'madzi. Anamasula kachithumba konyamula chitsulo kuchokera pansi. Tinangoona thovu likuwira, kenako kachithumbako kanatumphuka pamwamba, kupendekeka, kukhuthula mpweya wonse, chitsulo chija n'kubwerera pansi ngati mwala. Palibe anaseka. Munthu akanakhala pansi pake, kapena paipi yake ikanakodwa m'zingwezo, tikananena zina. Pa chifukwa chimenechi chithumba chimamangidwa ndi chingwe chochigwira kuti chisathawe, china chochitembenuza chikamasuka ku katundu, ndipo mpweya umapopedwa pang'onopang'ono, dzanja lili pa vavu yotulutsira.

Choopsa china ndi thope, chifukwa limayamwa. Mukudziwa mmene ngolo imachitira ikatitimira kudambo: ng'ombe zimakoka osasuntha, mukuwonjezera chikwapu, ndiye ikazuka imalumpha kamodzin'kamodzi. M'madzi n'chimodzimodzi, kungoti mphamvu yonse munawonjezera ija imatsalira m'chithumba, katundu n'kuuluka. Ife timayamba takumba m'mbali ndi paipi ya madzi kuti thope lisiye.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa cha uthenga wa mng'ono wanga. Akuti pampu ya okumba golide inagwera m'dziwe lakuya mu mtsinje wa Luia, ndipo iye ndi anzake alonjezedwa ndalama akaivuula. Akufuna kumiza migolo, kuimangirira ku injini ya pampuyo, n'kuipopera mpweya wa kompuresa, iwo akupumira paipi ya kompuresa yomweyo. Pepani kuti ndilankhule ngati wamkulu pamaso panu, koma zimenezi muwaletse. Mgolo wa malita 200 umakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa amuna awiri, ndipo ulibe vavu yoti munthu achepetsere mpweya ukayamba kuthamanga. Kompuresa ya matayala imatulutsa mpweya wosakanikirana ndi oilo, ndipo ikakoka utsi wa injini yake munthu amakomoka pansi osamva fungo lililonse. Chinanso chimene anyamatawo sakuchidziwa n'chakuti munthu amene wapuma mpweya wa paipi ali pansi, akadzidzimuka n'kukwera atagwira mpweya, mapapo amang'ambika, ngakhale m'madzi osaya kwenikweni. Kuno tili ndi chipinda chachitsulo chothandizira wovulala ndi mpweya. Kuchokera ku Luia munthu angafike kuti? Za ng'ona sindinenanso.

Ngati mwini pampuyo akuifunadi, njira ilipo. Adikire madzi aphwe, cha mu October. Migolo ikhale pamwamba, yotsekedwa bwino, yomangidwa ndi mitengo kukhala chiphaka, ndipo pakati pakhale mtanda wolimba wokolekapo tcheni buloko. Wodziwa madzi mmodzi, atamangidwa chingwe m'chiuno chimene wina wagwira kumtunda, atsike ndi mpweya wa m'chifuwa mwake kukakoleka tcheni ku thupi la injini, osati ku paipi kapena ku chogwirira, n'kutuluka. Aliyense akhale kunja kwa madzi tcheni isanayambe kukokedwa. Akoke pang'ono, adikire thope lisiye, akokenso. Injini ikanyamuka pang'ono chabe, akokere chiphakacho kugombe ndi chingwe mpaka igunde mchenga. Ngati dziwelo n'lakuya koti munthu sangafike pansi ndi mpweya wake mosavutika, aisiye. Mwiniwakeyo akagule ina ku Tete, golide amagulitsa ndi iye.

Mng'ono wangayo mawu anga samva, amati ndayamba kudzimva chifukwa cha ku Joni. Anu amamva. Mumuuze kuti akaleza mtima ndikamaliza ndikayamba kulandira, ndidzamulipirira sukulu yomweyi, koma ayambe walimbikira masamu ndi Chingerezi, chifukwa mayeso akuno salemba m'Chipwitikizi.

Ndalama ya feteleza nditumiza kumapeto kwa mwezi monga mwa nthawi zonse. Gawo lina mupatse amayi la malata awiri aja. Ku mwambo wa Kulamba chaka chino sindifika, tidzakhala pa mayeso, ndiye amene apite ku Mkaika andijambulireko gule pafoni. Mundiuzenso mmene fodya wayendera pa sikelo. Moni kwa agogo, kwa alongo anga ndi ana onse.

Ine muphwa wanu,
ku Durban