Kuchokera ku Minda ya Fodya Kukafika ku Likoma



Fodya atatha kugulitsidwa, tinanyamuka ku Kasungu kukaona chilumba cha Likoma. Tinatsata msewu wa M1 mpaka ku Mzuzu, n'kutsikira ku Nkhata Bay, komwe tinakwera Ilala, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951. Alhamdulillah, tinafika bwino.

Likoma ndi chilumba cha miyala ndi milambe. Ndi dziko la Malawi ngakhale kuti chili m'madzi a Mozambique. Anthu ambiri kumeneko ndi a mpingo wa Anglican, ndipo tchalitchi chawo chachikulu cha St Peter's chinayamba kumangidwa m'chaka cha 1903. Anatilandira ndi manja awiri, natipatsa madzi ndi mkeka nthawi ya swala itakwana.

Kum'mwera kwa chilumbachi kuli malo ogona alendo olemera otchedwa Kaya Mawa. Dzinalo linatikumbutsa kuti za mawa adziwa ndi Allah yekha. Tinkayembekeza kuona nyumba zosanja, koma tinapeza zipinda zomangidwa ndi miyala ya komweko pakati pa matanthwe, zofoleredwa ndi udzu. M'kati muli mabafa amakono ndi magetsi. Zokongoletsa zambiri zimachokera ku Katundu, malo amene amayi a pachilumbapo amapanga nyale ndi zinthu zina kuchokera ku mikanda ndi magalasi otayidwa. Taganizani: alendo amawoloka nyanja zamchere, kulipira madola, kuti adzagone pansi pa denga la udzu limene ena a ife timachita nalo manyazi!

Tinakondwa kuona luso la kwathu likulemekezedwa ndiponso likudyetsa mabanja. Komabe pobwerera, maganizo athu anali pa Kasungu. M'zaka za m'ma 1970, malo ambiri a makolo kuno anasanduka maesiteti a fodya. Ntchito zinapezekadi, koma mabanja ena anatsala opanda munda wokwanira, ndipo ambiri olima fodyayo anali matenanti pa malo a eni.

Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, munda wanu ndi gombe. Akabwera munthu wofuna mchenga wanu kuti amangepo hotela, musamuthamangitse, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma khalani pansi ndi amfumu, mashehe ndi amayi, mufunse: Kodi dooko la mabwato likhalabe lathu? Usipa tidzayanika pati? Njira ya ku madzi, ku mzikiti ndi ku manda idzatsekedwa? Nanga ana athu adzaphunzira ntchito yanji? Zogwirizana zonse zilembedwe pamaso pa mboni, monga chipembedzo chathu chimatiphunzitsa pa nkhani za malonda.

Ndalama za malo zimatha msanga, koma zidzukulu zidzafunabe pokocheza bwato. Allah atipatse nzeru. Ameen.