Zikhadabo zopirira madzi ochapira

Pafupi ndi renki ya matekisi ku Kempton Park masiku ano pamakhala achinyamata ambiri pa timipando tapulasitiki, katebulo patsogolo, katoni italembedwa kuti zikhadabo R100. Sindidana nawo. Ambiri anabwera monga ndinabwerera ine, ena a ku Mozambique, ena a ku Zimbabwe, ena a kwathu ku Malawi, ndipo lendi ya chipinda ku Tembisa siidikira munthu. Chimene chimandiwawa ndi madzi amene ena mwa iwo amasakanizira acrylic. Fungo lake lokha ndimalizindikira ndili kutsidya la msewu.

Madziwo ndi methyl methacrylate, ife timangoti MMA, omwe amapangira mano oikirira. Ku America bungwe la FDA linayamba kulimbana nawo m'zaka za m'ma 1970 akazi atadandaula za zala zotupa ndi zikhadabo zowonongeka, ndipo makampani odalirika anasinthira ku ethyl methacrylate, EMA. Koma MMA ndi wotchipa kwambiri, ndiye akupezekabe m'mabotolo opanda dzina. Sagwira bwino pa chikhadabo chosalala, choncho woikayo amapala chikhadabo chenicheni ndi makina mpaka chipyapyale, mpaka chiyambe kufiira. Akauma amalimba kuposa chikhadabo chimene wakhalapo. Chala chikapanidwa ndi chitseko cha tekisi, acrylic wabwino amathyoka, chikhadabo chako n'kutsala. Wa MMA sathyoka, amazula chikhadabocho ndi mnofu womwe.

Zikavuta, ndi kwa ine kumene amathawira. Wa EMA ndikamuviika mu acetone amasungunuka pa mphindi 20 kapena 30. Wa MMA ola limakwana akungomata ngati ulimbo. Ndikatchula mtengo wochotsera, munthu amadzidzimuka: "Asisi, kungochotsa kokha R80? Poti kuika ndinalipira R100!" Ndimati, "Achemwali, acetone ndagula ine, ola lathali ndi langa, ndipo chikhadabo ichi chidzatenga miyezi pafupifupi 6 kuti chimere chonse chatsopano. Muone amene wakudyerani ndalama."

Makasitomala anga si a pa Instagram. Ndi akazi olongedza katundu m'nyumba zosungira katundu ku Isando, Jet Park ndi Pomona, ogwira ntchito zam'nyumba ku Benoni ndi Edenvale, ena olandira alendo pa bwalo la ndege la OR Tambo. Manja awo tsiku lonse amakhala m'madzi a sopo, pa makatoni kapena pa kiyibodi. Kukongola kwa tsiku ndi tsiku kwa munthu wotere ndi chikhadabo chachifupi, chongopitirira pang'ono nsonga ya chala, chimene chikhale masabata atatu osanyamuka.

Zimenezi ndinaziphunzira kwa mayi wina wachizulu wa ku Katlehong amene anali ndi saluni ku Germiston, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tonse tinkangoti Mama. Ndinafika kwa iwo mu 2013 kuchokera ku Ndirande ndikudziwa kuluka tsitsi basi. Iwo ntchitoyi anaiba ndi maso m'zaka za m'ma 1990, atalembedwa ntchito yokolopa mu saluni ya azungu. Ankati akamakolopa pafupi ndi tebulo la zikhadabo ankachedwa dala. Mwina n'chifukwa chake sankafulumira kupatsa munthu kasitomala. Ndinayamba ndi kusesa, kuchapa matawulo, kuviika zitsulo m'mankhwala ophera majeremusi. Kenako anandipatsa pepala lonyezimira lokulungira chakudya lija kuti ndizidontheza timibulu ta acrylic, mizeremizere, iwo n'kumadutsa kumbuyo kwanga n'kuloza ndi chala: aka kanyowa, aka kauma, aka ndiye eya. Analibe mawu ambiri. Nthawi zina ankangogwira dzanja langa pamfundo n'kulipendeketsa pang'ono kuti ndimve mmene bulashi iyenera kugonera. Mawu amene ankabwereza ndi akuti, "Mwanangu, uyambe wayang'ana dzanja la munthu usanamufunse mtundu umene akufuna. Dzanja limanena ntchito yake." Iwo eni sankapaka chilichonse m'zikhadabo zawo. Anatseka saluni nthawi ya Covid, boma litatseka dziko pa 27 March 2020; masaluni ataloledwa kutsegulanso mu June, iwo anati atopa, ndipo anandipatsa bulashi yawo imodzi ya nambala 10.

Bulashi ya acrylic yeniyeni ndi ya kolinsky, ubweya wa kumchira wa kanyama ka mtundu wa likongwe ka ku Siberia ndi kumpoto kwa China. Ubweya umenewu umasunga madzi m'mimba mwa bulashi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo ukaukanikiza umabwerera pa nsonga yake. Zanayiloni zimataya madzi onse kamodzi, acrylic n'kumamatirira mkati. Kolinsky ndi yodula, inde, koma imakhala zaka ukaisamala. Yatsopano imabwera ndi kaulimbo kouma, umayamba wakapukusa ndi zala mpaka fumbi lonse litatha. Siitsukidwa mu acetone ngakhale kamodzi, chifukwa ubweyawo umauma n'kuyamba kuyoyoka. Umaitsuka m'madzi a acrylic omwewo, n'kuipukuta pa pepala, n'kuikonza nsonga, n'kuigoneka. Ukaiimika nsonga m'mwamba madzi amatsikira m'chitsulo n'kusungunula guluu. Bulashi yanga sindibwereketsa, ngakhale kwa mnzanga wa tebulo loyandikana nalo.

Kudula, kupala pang'ono kuti kunyezimira kuchoke, kumata nsonga zapulasitiki, zimenezo aliyense amaphunzira sabata imodzi. Ntchito ili pa kambulu. Umaviika bulashi, n'kupukuta mbali imodzi pakamwa pa kagalasi ka madzi a acrylic, n'kukhudza ufa wa acrylic ndi nsonga yokha. Kambulu kabwino kamakhala kozungulira, ndipo ukawerenga mpaka katatu kamasalala kokha, ufa wonse utamwa madzi. Kakanyowa kwambiri kamayenderera mpaka pakhungu, ndipo khungu likamakhudzidwa ndi madziwa kawirikawiri limadzayamba kuyabwa ndi kutuluka matuza, vuto limene likangoyamba silichokanso. Kakauma kamasiya timipata ta mpweya. Timibulu titatu: kunsonga, pakati pamene pamafunika kamsana kochindikala kuti chikhadabo chisathyoke, ndi komaliza kakang'ono kumbuyo. Komalizaka ndiye kamasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa. Pakati pa acrylic ndi khungu pamayenera kutsala kampata kochepetsetsa, ndipo m'mphepetemo mupyapyale moti chala chikadutsa chisamve pokhumudwa. Akakhudza khungu, pakatha masiku amanyamuka, madzi ochapira n'kulowa, kenako pamabwera banga lobiriwira. Anthu amati ndi nkhungu, koma kawirikawiri ndi tizilombo totchedwa Pseudomonas timene timakonda malo achinyezi otsekeka.

Nyengo nayo imalowerera. Dera lathu lino la East Rand lili pamtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo m'mawa wa June ndi July kumazizira moti acrylic amachedwa kugwirana, amangoyenda. Ndimaika botolo la madzi a acrylic pafupi ndi kapu ya madzi ofunda ndisanayambe. Mu December ndi zosiyana, amauma bulashi isanafike pachikhadabo, ndiye timibulu timayenera kuchepa.

Si aliyense amene ndimamuika acrylic. Amene chikhadabo chake chili bwino ndimamupaka jelo, ndipo ndimakonda ya Bio Sculpture, imene inayambira mu South Africa muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi mayi Elmien Scholtz, fakitale yake ili ku Clocolan ku Free State. Jelo imafuna nyale yoyenera ndi nthawi yokwanira. Mu 2023, magetsi akuzima kangapo patsiku, ndinagula nyale yotchaja, chifukwa jelo yosapsa bwino pansi ndi imene imabweretsa ziwengo. Madokotala a khungu a ku Britain anachenjeza za zimenezi mu 2018.

Anamwino ndi ophika saloledwa zikhadabo zoikirira pantchito, ndiye Loweruka amafuna kyutekisi wamba woti achotse Lamlungu madzulo. Pamenepo Essence wa ku Clicks kapena Dis-Chem ndi wokwanira, ndipo marooni wa Revlon ndi amene amatha msanga pa shelefu yanga, chifukwa amakhala bwino pa khungu lakuda lililonse ndipo amalowa m'tchalitchi popanda munthu kucheuka. Botolo silikhutchumulidwa, umaligubuduza m'manja kuti musalowe thovu. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi mochindikala, ndipo nthawi iliyonse bulashi idutse pamphepete penipeni pa nsonga, pamene kyutekisi amayambira kusupuka.

Za kumaso ndimachita kwambiri pa maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi anzanga, koma amene amafunsa zophoda za tsiku ndi tsiku ndimawauza zochepa: foundation ya Maybelline Fit Me kapena Black Opal, concealer ya L.A. Girl pansi pa maso, pensulo ya nsidze yabulauni osati yakuda bii, ndi Vaseline pamilomo nthawi yozizira lipisitiki asanapite. Mtundu wa foundation suyesedwa kuseri kwa dzanja pansi pa magetsi a mushopu. Upake pa chibwano n'kutuluka panja padzuwa. Chimene chimandivuta ndi nkhope zodzola mafuta oyeretsa: masaya oyera, khosi lakuda, pena mabanga otuwa pa mafupa a m'masaya. Dziko lino linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, koma mafutawa akugulitsidwabe m'misewu, ndipo palibe foundation imene ingagwirizanitse mitundu itatu pa nkhope imodzi. Mabulashi atatu ndi okwana, ya foundation, ya paudala ndi yaing'ono yopendekera ya nsidze, bola azichapidwa sabata iliyonse ndi sopo wa Sunlight wobiriwira uja n'kuyanikidwa chogona.

December ikayandikira, anzanga okwera mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe amadzaza buku langa. Aliyense amafuna zazitali, zamiyala yonyezimira, kuti kumudzi akaone kuti wachokera ku Joni, ndipo aliyense amafuna ndimuchotsere mtengo poti ndife a kumodzi. Mtengo sindichotsa, chifukwa ogulitsa EMA sandichotsera. Kutalikako ndimakambirana nawo. Ndimati, "Achemwali, muli ndi zikwama zoti mutsitse pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza, ndipo mukafika mukapeza mbale ndi mthiko zikukudikirani kwa apongozi. Tiyeni tifupikitse, miyala tiike pa chala chimodzi." Ena amamva, ena amapita kwa a R100. Amene atsala ndimawapatsa kabotolo ka mafuta opaka m'mphepete mwa zikhadabo, ndi kuwauza kuti chimodzi chikanyamuka ali kumudzi asachizule ndi mano kapena kuchimata ndi supaguluu, achidule chifupike, achisunge chouma, tidzachikonze mu January.