Caka cimene kum'mawa tinatsala tokha

Masankho a pa 31 Okutobala 1991 ndimawakumbukila cifukwa ca wailesi ya atate. Anaiika pa mtondo pakhonde, kwathu ku Katete, mabatile ataumitsa padzuwa tsiku lonse kuti asathe mphamvu. Zotsatila za kwathu zinawakondweletsa: Kaunda patsogolo. Atate anatuma amayi kukapha nkhuku.

Nkhukuyo tinadya mwakacetecete. Pofika maŵa lake zinali zitadziwika kuti dziko lonse lapita kwa Frederick Chiluba, ndi mavoti oposa atatu pa anayi alionse. Pa mipando 150 ya ku nyumba ya malamulo, UNIP inapezako 25 cabe, ndipo 19 mwa iyo inali ya cigawo cathu cino. Sinda, Vubwi, konse kuno tinavotela munthu amene ena onse anali atatopa naye.

Acimwene a ku Kitwe analemba kalata yotiseka, kuti ndife osatsegula maso. Iwo anali kuima pamzele kufuna unga ndi sopo, sindingawatsutse. Koma atate unga sanali kugula, anali kulima. Cimene anali kuŵelengela ndi feteleza wa ngongole ku kopaletivu, ndi loli yobwela kudzatenga cimanga. Zimenezo anaona kuti zicoka limodzi ndi Kaunda, ndipo m'zaka zocepa zinacokadi.

Kalatayo sanaiyankhe. Acimwene atabwela pa Khisimasi, atate anawalandila bwino, n'kuwapatsa khasu kuti akapalile nawo kumunda.